Bambo amadana ndi mawu oti "womupeza", koma wilo yawo yangoti "ana anga"

Aphungu,

Mundikhululukire ngati kalatayi yakhota, sukulu ndinalekezera sitandade 4. Ndine mwamuna wapabanja, ndili ndi ana awiri, ndipo ndimawotcherera zitsulo pa shopu ya bambo anga. Timapanga mageti ndi mafelemu a zitseko.

Bambowa si ondibereka. Wondibereka anathawa mayi ali ndi pakati, ndipo awa anawakwatira ine ndikukwawa. Kenako kunabadwa mng'ono wanga ndi mlongo wathu. Koma mutalowa m'nyumba mwathu simungadziwe kusiyana. Tsiku lina kasitomala anandiloza n'kufunsa kuti, "Uyu ndiye womupeza uja?" Bambo anazimitsa makina, n'kukweza chigalasi chakumaso, n'kuti, "Womupeza? Ndinamupeza kuti, m'ngalande? Anatayika liti kodi?" Munthu uja geti lake anakapangitsa kwina. Kuyambira pamenepo mawu amenewo satchulidwa pakhomo pathu.

Ntchito anandiphunzitsa ndi iwo. Geti silituluka m'shopu asanamenye ndi hamala polumikiza paliponse, ngakhale mwiniwake akudikira panja ndi galimoto. Amati, "Penti amanama, hamala sanama."

Chaka chatha anadwala kwambiri, mpaka lero dzanja lamanja limanjenjemera. Atapezako bwino analemba wilo. Telala woyandikana nafe anawaseka kuti akuitana imfa, iwo n'kuti, "Imfa ikudziwa kale pomwe ndimakhala, sikudikira kalata." Anasaina pamaso pa telalayo ndi wometa wa kuseri, awiriwo n'kusainanso. Atatero anatiitana tonse n'kutiwerengera. Nyumba ndi ya mayi. Za shopu analemba kuti, "Shopu ndi zida zonse ndikusiyira ana anga, agawane mofanana." Ine misozi inalengeza, ndinati bambo ngati awa kulibe.

Potuluka, mwamuna wa mlongo wanga anandikokera pambali. Si munthu woipa. Anati, "Alamu, musandimve molakwa, koma kukhoti mawu oti ana anga amawayeza ndi magazi. Chitupa chanu chili ndi dzina la ndani?" Aphungu, chitupa changa chili ndi dzina la munthu wothawa uja. Kukhoti bambo sanapiteko kukanditenga mwalamulo, ankati mwana wako sukamupempha kwa woweruza.

Kuchokera tsiku limenelo chakudya sichikutsika. Mng'ono wanga amagwira ntchito ya mu ofesi, mlongo wanga ndi namwino. Wodya za shopu ndine ndekha, ndipo ntchito ina sindiidziwa. Abale angawa amandikonda, koma za mawa adziwa ndani? Ndikafuna kuwafunsa bambo, ndimabwerera panjira. Ndiyamba bwanji popanda kutchula mawu amene anawaletsa? Kodi sadzati ndikuwawerengera masiku? Nanga magazi akawakwera chifukwa cha ine? Mkazi wanga akuti ndimadandaula ngakhale mvula isanachite mitambo. Mwina akunena zoona. Ndithandizeni.

F. D.

Bambo F. D.,

Kalata yanu sinakhote paliponse. Ndipo bambo anuwo mundiperekere moni, chifukwa amuna olera mwana chonchi n'kulembanso wilo ali moyo, ndimawawerenga ndi zala za dzanja limodzi.

Koma alamu anu sananame. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo woweruza wanzeru akhoza kumva umboni wa telala ndi wometa n'kuona kuti bambo ankatanthauza inunso. Akhozanso kumva loya wa mbali ina akunena kuti mwana ndi wobereka kapena wotengedwa kudzera kukhoti. Tsiku limenelo bambo sadzakhalapo kuti akweze chigalasi n'kufunsa kuti munatayika liti. Pepala lidzayankhula lokha, ndiye lisasiye mpata.

Mankhwala ake ndi ophweka: mayina. Wilo itchule mwana aliyense ndi dzina lonse monga lilili pa chitupa chake. Lanulo ngakhale lili ndi dzina la wothawa uja, lilembedwe momwemo, bambo awonjezere kuti "mwana wanga amene ndamulera". Munthu ali ndi ufulu wosiyira katundu amene wamutchula, bola osamana amene lamulo limati asamanidwe.

Tsono bambowo muwayambe bwanji? Musawabisalire pakona ngati wakuba. Uzani mayi kaye, kenako mng'ono wanu ndi mlongo wanu, mupite nonse masana bambo atadya. Mawu oletsedwa aja simukuwafuna. Ingonenani kuti, "Bambo, geti lija mwalipanga bwino, koma polumikiza pamodzi simunamenye ndi hamala." Akakufunsani kuti pati, auzeni kuti pa "ana anga". Mmisiri ameneyu amva msanga kuposa mmene mukuganizira.

Akavomera, apite kwa loya kapena ku ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo, alembe wilo yatsopano yofafaniza yakale. Mboni zikhale anthu awiri osalandira kanthu m'wiloyo. Popeza anadwalapo, ndi bwino dokotala alembe kuti mutu wawo ukuyenda bwino. Inuyo muwaperekeze mpaka pakhomo basi, m'chipindamo musalowe, kuti wina asadzati munawagwira dzanja lonjenjemeralo.

Pali polumikiza pena pofunika hamala. Akuti mugawane mofanana, koma makina owotcherera sadulidwa patatu ngati nsalu. Bambo anene poyera amene adzayendetse shopu, ndi mmene enawo adzapezere gawo lawo. Apo ayi, tsiku lina mudzangoona makina akukwezedwa pa lole kuti aliyense alandire zake.

Chenjezo langa ndi ili: musayerekeze kutenga cholembera n'kuwonjezera dzina lanu pa pepala lakalelo, ngakhale bambo atakuuzani okha kuti lembapo. Mukatero mwaipitsa wilo yonse, ndipo mwadzipaka matope amene simunapalamule. Musazengerezenso. Nkhaniyi ndi yopepuka lero chifukwa mwini mawu alipo.

Mantha oti muwakhumudwitsa muwasiye. Munthu amene analola kutaya kasitomala chifukwa cha mawu amodzi okunyozani, sangaumire inki yolembera dzina lanu. Chimene chingawapweteke n'kumva kuti mwana wawo wakhala akuwonda m'shopu momwemo, iwo ali pafupi, osawauza.

Nyamulani hamala, bambo. Zimenezi anakuphunzitsani ndi iwo omwe.

Aphungu