Oitanidwa Ndife, Oyankha Ndi Agadiyani

Aphungu,

Ndine mayi wosakwatiwa, ndimasoka zovala pakhonde la golosale ina pa Malomo. Chikulire changa anthu akhala akunditcha mayina. Ena amati ndine wamatama, ena ankanong'onezana kuti amalume anandikhwimira kuti fodya wawo aziyenda malonda. Chaka chatha dokotala wina ku Lilongwe anandiuza kuti ndili ndi otizimu. Anati si ufiti ayi, ubongo wanga umangogwira ntchito mwa njira yakeyake. N'chifukwa chake phokoso la msika limandilasa m'mutu, ndipo munthu akandifunsa funso, yankho limakhalapo koma limafika mochedwa.

Mwezi watha kunabwera anthu a kafukufuku ochokera ku sukulu ina ya ukachenjede. Anati akufuna akuluakulu a otizimu tikhale anzawo pantchitoyo, tiziwathandiza kusankha zoti afufuze. Aphungu, ndinasangalala mpaka ndinadzisokera bulauzi yatsopano. Koma mlangizi wa zaumoyo amene anabweretsa uthengawo anawonjezera zakezake: "Aliyense abwere ndi gadiyani, ngati mmene timachitira kuchipatala."

Ndinapita ndi akulu anga, a Tabita. Mipando ya patebulo inali yochepa, ndiye anakhalapo ndi agadiyani. Ife oitanidwa tinandandalika pa benchi pafupi ndi khomo ngati odikira jakisoni, jenereta ili phokoso kuseri kwa zenera. Mayi wotsogolera kafukufukuyo, a Veronika, anandifunsa kuti, "Inuyo mumaona kuti vuto lalikulu n'chiyani?" Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, a Tabita anati, "Awa sayankhulayankhula. Vuto lawo n'kusankha zakudya ndi kukana banja." Ofufuza onse anawerama n'kulemba. Chonsecho ine ndinkafuna kufunsa kuti munthu ngati ine, makolo atapita kale, adzakalamba ndi yani?

Pa benchipo ndinayandikana ndi bambo wina wokonza njinga ku Kasakula, a Festus. Sitinapatsane moni wautali, ndipo palibe amene anakhumudwa. Potuluka anangoti, "Nanunso jenereta ija imakuboolani m'mutu?" Ndinatsala pang'ono kulira. Chibadwire sindinakumanepo ndi munthu womva zimene ndimamva ine.

A kafukufuku aja atiitananso mwezi wamawa. Ndikapita, ndikangokhalanso chidole pa benchi. Ndikapanda kupita, a Festus ndi anzathu aja sindidzawaonanso, ndibwerera kumakina anga ndekhandekha. Kuwauza a Tabita kuti akhale chete ndikuopa. Anandilera ndi iwowo, ndipo ndi munthu yekhayo amene amabwera kudzandiona Lamulungu. Nditani ine?

M. K., Malomo, Ntchisi

A M. K.,

Pitani. Pamenepo tisatayepo nthawi. Mwadikira moyo wanu wonse kuti mupeze anzanu, ndiye muwataye chifukwa cha benchi?

Koma musapite mmene munapitira muja. Gadiyani ndi wa munthu wogonekedwa m'chipatala, womutungira madzi, kumuphikira phala ndi kumuyankhira dokotala chifukwa mwiniwake walefuka. Inu simunagonekedwe. Anakuitanani ngati mnzawo, ndipo mnzako sumufunsa maganizo kudzera mwa mkulu wake. Mlangizi uja sanachite dala, anangotengera chizolowezi cha kuchipatala. Amene andikhumudwitsa ine ndi ofufuzawo. Sukulu yonseyo, kuona eni nkhani ali pakhomo koma iwo n'kumangolemba! Akapitiriza choncho adzatulutsa buku la nkhawa za agadiyani, n'kumati alemba za inu.

Kalata yanuyi ikuonetsa kuti cholembera sichikuchedwerani ngati pakamwa. Tumizani uthenga kwa a Veronika tsikulo lisanafike. Auzeni mosapita m'mbali kuti mafunso akutumizirenitu, muziwaganizira uku mukupalasa makina. Patebulo pakhale inuyo ndi anzanu, agadiyani apatsidwe nthawi yawoyawo poti nawonso ali n'zonena. Ofufuzawo akafunsa funso adikire yankho, ndipo jeneretayo aiike kutali. Funso lanu la ukalamba lilembeni momwemo, muwafunse ngati lilowe m'kafukufukuyo kapena ayi. Mmene ayankhire mudziwa ngati akufunadi mnzawo kapena akungofuna nkhope zojambula. Dziwaninso kuti muli ndi ufulu wosiya tsiku lililonse limene mwaona kuti akukuseweretsani.

A Tabita musawaimbe mlandu. Anayamba kukuyankhirani muli mwana, pamene anthu ankakusekani, ndipo pakamwa pawo panazolowera. Akabwera Lamulungu likudzali, auzeni kuti, "Akulu, mundiperekeze ndithu, koma tikakafika mukandisiyire ndekha kuyankha." Sindikunamizani, akhoza kukhumudwa, mwinanso Lamulungu lina osabwera, ndipo nyumba idzakukulirani. Pirirani. Kenako muwauze funso limene anakudulani lija. Ndikukhulupirira kuti nawonso limawasowetsa mtendere, kungoti m'nyumba mwanumo palibe amene analitchulapo.

A Festus mukawapemphe nambala ya foni msonkhano usanathe. Kafukufuku amatha, galimoto zimabwerera m'tauni, koma njinga za kabaza zopita ku Kasakula zizipezekabe.

Pomaliza ndikuchenjezeni. Poti inu mumatha kufotokoza bwino chonchi, akakupatsani mpando ayamba kukufunsani za anthu onse a otizimu ngati kuti mumakhala m'mitu mwawo. Zidzakukomerani, chifukwa munthu amene sanamvedwepo akayamba kumvedwa savuta kutengeka. Koma akadzakufunsani kuti, "Nanga a Festus akuganiza bwanji?" inu musadzayankhe. Mudzawauze kuti awafunse eni ake, ndipo mudzadikire nawo limodzi, ngakhale chipinda chonse chikhale zii mpaka tiyi azizire.

Aphungu