Jekete la Atate ndi Chithunzi cha Phazi

Okondedwa alongo anga a Esnart,

Muli bwanji ku Kitwe? Kuno ku Bundabunda tili bwino, kupatula bala lija la kuphazi kwa atate.

Anesi a kukiliniki anapempha chithunzi cha balalo pa WhatsApp. Atate anasamba, anavala jekete la kutchalitchi ndi nsapato zomwe. Kenako anati, "Jambula manje, mwana wa eni asanione ngati wosasamalidwa."

Anesi anayankha, "Mwaoneka bwino, ba tate. Nanga phazi?"

Tinawanyengerera mpaka anavula nsapato. Anesi atangoona chithunzi cha phazilo, anaimba foni: "Munthu wa shuga uyu, bwerani naye lero!"

Atate agonekedwa m'chipatala ku Chongwe, ndipo adokotala akuti phazi lipulumuka.

Akusowani, muwaimbireko pa vidiyo. Koma muyambe mwandiuza, apeze mpata wovala jekete.

Mulungu akusungeni pamodzi ndi ana.

Ine mlongo wanu,
Mabvuto