Mlendo Mmodzi pa Khadi

Lamulungu, 10 Ogasiti 2025

Dainess wafika dzulo kuchokera ku Cape Town. Wanenepako, ndipo akamaseka akugwira pakamwa ngati mayi ake. Titaweruka kutchalitchi tinapita kumanda kukaona chiliza cha mkazi wanga Albertina. Simenti yagwira bwino. Dzina analilemba molondola.

Loweruka tinyamuka atatu: mwanayu, ine, ndi a Mateyo, achimwene ake a malemu. Ukwati wa Dainess uchitikira ku Cape Town komweko chifukwa mkamwini wathu Edwin kuntchito sanamupatse masiku okwanira. A Mateyo ndiwo ankhoswe, sangatsale. Ine ndikupita ngati bambo chabe.

Lolemba, 11 Ogasiti

Ndamufunsa Dainess za launji. Ndi chipinda chija cha pabwalo la ndege ku Joni, mmene anthu amadikiriramo ndege ina atakhala pamasofa, kudya ndi kumwa osatulutsa kanthu. Iye amalowamo ndi khadi la kubanki kwake.

Chaka chimene anadzatenga mayi ake kuti akaone kumene amakhala, Albertina anabwerako ndi nkhani ya chipinda chimenechi kuposa china chilichonse. Za mapiri ayi, za masitolo ayi. "A Bernard, tiyi wake umathira wekha, palibe wokuwerengera masipuni. Inu munatsala ndi mbuzi zanu." Ankanena dala, akundiyang'ana m'mbali. Ine ndinkakhala ngati sindikumva, koma zinkandiwawa ndithu. Anabweretsa timapepala ta shuga, tili m'kapu ya m'kabati mpaka lero. Palinso chithunzi: wakhala pafupi ndi windo lalikulu, chitenje paphewa, kumbuyo kwake mchira wa ndege.

Dainess wangoti, "Tikaona komweko, ababa. Masiku ano kumadzaza, aliyense ali ndi khadi." Kenako wayamba za keke.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

A Mateyo anabwera m'mawa kudzafunsa za kulemera kwa chikwama. Afunsa zambiri mpaka Dainess watulutsa mawu akuti khadi limalowetsa mwiniwake ndi mlendo mmodzi basi.

Iwo kuseka. "Ndiye zatheka. Alamu, inu mukatisungira zikwama panja." Azimayi amene ankasenda nandolo pakhonde anaseka nawo. Inenso ndinaseka. Dainess anawerama.

Potuluka anandikokera pambali pafupi ndi khola. Akuti chaka chakwana, tikabwerako tikhale pansi andisudzule, ndimasuke, ndibwerere kwathu ku Kadewere. Ananena mwaulemu, sindingawanamizire. Mwambo wake ndi umenewo. Koma kuno ku Mbombwe ndinabwera ndili mnyamata. Mapeyala onse akuseriwa ndinadzala ndine. Ku Kadewere amene ankandidziwa ambiri ali kumanda.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Ku Limbe. A Mateyo awagulira jekete yatsopano yotuwa, poti ndiwo adzaime kutsogolo. Ine akuti suti yakuda ija idakali bwino. Ndi imene ndinavala pamaliro.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ndinapita pa Boma kukameta. Pa siteji ya kabaza ndinawapeza alamu anga atazunguliridwa. Akufotokoza za launji ngati anabadwiramo. "Muli nkhuku, muli juwisi, muli bafa la madzi otentha. Ndikakhala ndi mabwana okhaokha." Zonsezo ndi mawu a Albertina, ankawanena pakhonde pathu iwo akumvetsera. Tsopano akhala awo.

Wakabaza wina anandiona. "Nanga inu madala, mulowa nawo?" A Mateyo anayankha ndisanatsegule pakamwa: "Awa ndi alonda a katundu." Kuseka kwina.

Ndinabwerera wapansi, sindinafune kukwera aliyense wa iwo.

M'njira ndinkaganiza za njinga yanga yakale. Mvula ya Januwale, Dainess pakaliyala, thumba la pulasitiki kumutu, kupita naye kusukulu. Malungo aja, usana wonse pamzere kuchipatala, iye atagona pamiyendo panga. A Mateyo nthawi imeneyo anali kuti? Koma Edwin atafuna kutula mawu anafunsa nambala ya amalume. Sanalakwitse. Inenso kwa ana a mlongo wanga ndine amene amafunsidwa, ndipo sindinaganizepo za bambo awo. Kudziwa zimenezi sikukuthandiza chilichonse.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Chiperoni kuyambira m'mawa. Ndasita suti. Mbuzi ndasiyira a neba.

M'thumba la m'kati ndaikamo chithunzi chija ndi kapepala kamodzi ka shuga. Sindikudziwa chifukwa chake.

Masana ndinaima pakhomo la chipinda cha Dainess kuti ndinene. Anali pafoni, akukangana ndi wina za mipando ya muholo. Anakweza dzanja kuti ndidikire. Ndinadikira pang'ono, kenako ndinapita kukathirira mpiru.

Nkhuku zawozo sindikuzifuna. Ndikufuna kukhala pamene anakhala Albertina, ndione zimene ankaona. Bambo wamkulu ngati ine ndinganene bwanji zimenezi kwa mwana?

Loweruka, 16 Ogasiti

Ndikulemba ndili pabwalo la ndege ku Joni, kudikira ndege ya ku Cape Town.

Pa Chileka zinayenda bwino. Ndege itanyamuka makutu anatseka. A Mateyo anakhala kuwindo, akuti akuona phiri la Chiradzulu. Mwina analionadi.

Kuno malo ndi aakulu ngati tauni yofoleredwa denga. Tinayenda, tinakwera masitepe oyenda okha, mpaka pachitseko chagalasi. Koma pakhomopo panali mzere wautali ngati wa feteleza wamakuponi. Azungu, amwenye, akuda, aliyense khadi lake m'manja, ena mafoni. Bambo wina wa tayi ankakalipa kuti amalipira chaka ndi chaka. Mtsikana wa pakauntala ankangobwereza zomwezo: mwadzaza, alowa ena akatuluka ena. Anali atatopa, ndinamumvera chisoni.

Tinaima mpaka miyendo inauma. Titafika kutsogolo Dainess anapempha kuti tilowe atatu, alipirira wachitatuyo. Mtsikanayo anapukusa mutu. Lero ayi, mlendo mmodzi basi.

Dainess anatembenuka. Anayang'ana ine, anayang'ana amalume ake. A Mateyo tikiti yawo inali kale pakauntala.

"Ababa, khalani apo. Ndikubwera."

Ndinakhala pabenchi yachitsulo, zikwama zitatu kumapazi. Alonda a katundu. Kudzera pagalasi ndinkaona m'katimo. Masofa alimodi, koma onse ndi anthu. Ena akudyera chilili, mwana wina wagona pansi. A Mateyo anaima pafupi ndi chipilala, mbale yodzaza m'dzanja limodzi, kapu m'dzanja lina, akusowa poika. Jekete yatsopano. Ngakhale choncho ndinawasilira. Ndinaimirira, ndinasuzumira uku ndi uku kufuna windo lija. Sindinalione.

Patapita kanthawi Dainess anatuluka. Anandipitirira, anakaima pashopu ina, anabwera ndi tiyi m'makapu awiri apepala. Anakhala pambali panga.

Ndinati, "Bwerera kwa amalume ako." Chibadwire chake sindinamulankhulepo ndi mawu otero.

"Ndawasiya ndi nkhuku, sakundifuna," anatero. Kenako motsitsa: "Ndikanawasiya panja iwowo, ukwati wanga ukanayamba ndi mlandu. Inu mumakwiya mwakachetechete."

Ndinatulutsa chithunzi, ndinamupatsa. "Ndimangofuna mpando uwu. Basi."

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anagwira pakamwa. Ndinkayesa akuseka, ndipo ankasekadi, koma misozi ikutsika.

"Ababa, amayi sanalowemo umu."

Akuti tsiku limenelo kunadzazanso chonchi, anawabweza pakhomo. Iye anachita manyazi mpaka kulira, poti anali atawalonjeza kuyambira kumudzi. Albertina anangosuzumira pagalasi, n'kumufunsa zonse zimene zili m'katimo, chimodzichimodzi, mpaka bafa. Kenako anati, "Usakawauze abambo ako. Ndikufuna ndikawapsetse mtima bwinobwino." Shuga uja anatola pashopu yomweyi ya tiyi, wodzaza dzanja, wogulitsa akuyang'ana.

"Anandilumbiritsa," anatero Dainess. "Lolemba lija ndinasowa chonena."

Mkazi ameneyu. Zaka zonsezi.

Ananyamula zikwama ziwiri, ine chimodzi. Tinatsika masitepe, tinadutsa masitolo, mpaka pamene anthu wamba amadikirira kukwera. Mipando yomangirizana pamzere, windo lalikulu kuchokera pansi mpaka kudenga. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana mipando. Pampando wakumapeto panali chikwama cha mnyamata wina wa zomvera m'makutu. Dainess anamupempha, iye anachotsa osayang'ana n'komwe.

Ndakhala. Ndi wolimba, wozizira. Panja pali mchira wa ndege, mtundu wina koma malo omwewo. Anthu a majekete achikasu akuponya masutikesi pangolo.

Dainess wakhala pansi, watsamira mwendo wanga ngati kale. Wanena osandiyang'ana kuti za ku Kadewere zija anazimva ali kukhitchini, ndipo mwini nyumba ija tsopano ndi iye, aona amene adzatulutse katundu wanga. Sindikudziwa ngati mawu a mwana angapose a amalume ake.

Ndatulutsa kapepala kaja. Shuga waumbana, wachita kamwala. Ndamuphwanya ndi chala, ndathira mutiyi, theka kwanga theka kwake.

Foni yake ikulira. Ndi a Mateyo, atisowa. Waiyang'ana, waiika chafufumimba pachikwama.

"Imwani kaye, ababa, asanazizire."