Kapo wa sikuluu

Lolemba, 12 Meyi

Achemwali atuluka osatsanzika, chitseko pha! Mlandu wanga ndi kunena zoona. Nyimbo yathu yachitatu ija, ndikangopana khosi la gitala ndi kachitsulo kotchedwa kapo kuti ikwere ifike pa mawu awo, iwo amaimba pansi pake. Ndinati, "Mukuphonya. Makutu muli nawo awiri, bwanji osagwiritsa ntchito limodzi?"

Iwo: "Ndiye Loweruka mukaimbe nokha, aPulofesa."

APulofesa. Amadziwa pomwe pali bala. Zaka ziwiri ku yunivesite ndikuphunzira zoimbaimba, pepala ndilibe, koma khutu ndili nalo.

Vuto ndi lakuti mwini lesitilanti watipatsa mpata umodzi wokha, Loweruka masana, ndipo chomwe anakonda ndi mawu a achemwali. Ine anangondiyang'ana ngati mpando.

Lachiwiri, 13 Meyi

Foni sakuyankha. Nsambo yachinayi nayonso yaduka. Zikomo kwambiri.

Lachitatu, 14 Meyi

Ndinapita kwa mdala wokonza mawotchi, amagulitsanso nsambo. Kachipinda koti sungatambasule manja. Timisomali ta mawotchi m'zivindikiro za mabotolo, magitala atatu kukhoma, galasi lake la diso limodzi lili pachipumi.

Anaika nsambo n'kuchuna zonse ndi khutu basi. Ndinatulutsa foni, yomwe imayeza mawu a nsambo, kuti ndimugwire. Zisanu ndi imodzi zonse ndendende. Ndinabweza foni m'thumba mwakachetechete.

"Taimbani timve."

Ndinapana kapo wanga wa sipuling'i, n'kuyamba nyimbo yachitatu. Sindinafike patali. Nkhope yake inachita tsinya ngati waluma mwala.

"Chotsani chimenecho, bambo. Gitala mukuipotola khosi."

Ndinamuuza kuti ndinaphunzira zimenezi ku yunivesite. Iye: "Chabwino. Tatulutsaninso foni munabisa ija."

Anaona! Tinayeza nsambo imodzi imodzi kapo ali pompo. Zonenepa zitatu zakwera kupitirira, zowonda zili m'malo mwake. Kapoyo amafinya ngati pulayala, amakoka nsambo.

"Ndiye woimba naye wanu azitsatira ziti, zokwerazi kapena zinazi? Amavutika, eti?"

Chaka chathunthu ndili ndi chitsulo chimenechi.

Lachinayi, 15 Meyi

Ndabwererako. Anayala kansalu patebulo n'kuikapo akapo atatu, ngati dokotala. Dzanja langa linathamangira wonyezimira ngati golide.

"Ameneyo ngwojambulitsa naye chithunzi."

Anatenga lula n'kuigoneka chopingasa pakhosi la gitala yanga, nati ndisuzumire. M'mbali monse mukulowa kuwala. Khosi lake si lathyathyathya ayi, ndi lokhota pang'ono ngati msana wa sipuni. Zaka zisanu ndi zitatu ndikuigwira gitala imeneyi, osadziwa. Akuti kapo ayenera kukhota chimodzimodzi, apo ayi amapana pakati n'kusiya m'mbali. Kenako anakanda ndi chikhadabo labala yopanira nsambo ya kapo aliyense. Yofewa kwambiri nsambo zimamiramo, youma kwambiri imalira.

Anasankha wotuwa, wolemera, wopanda dzina, womanga ndi sikuluu kumbuyo. Wonyansa ndithu.

Manja a munthu ameneyu! Zala zokhuthala ngati za womanga nyumba, koma zikagwira sikuluu mpweya umaima. Anaika kapo pafupi penipeni ndi kamodzi ka tizitsulo topingasa pakhosi, osati pakati pa tiwiri monga ndimachitira ine. Akupotokola pang'ono, akukhwatsa nsambo, akumvetsera. Nsambo ikuti zzz ngati ntchentche m'botolo. Pang'ononso. Zzz yatha, mawu mbee. Anachotsa dzanja.

"Yesani inu."

Ndinapotokola mpaka zzz itatha, ndiye ndinawonjezera kamodzi kuti zigwire bwino. Anandimenya padzanja. Ine, munthu wandevu.

"Yasiya kulira, mwamva. Ndiye mukufunanso chiyani?"

Aphunzitsi a ku yunivesite aja ankadzaza bolodi ndi mayina achilendo, palibe anandiuzapo zimenezi. Ndinamufunsa mdalayo komwe anaphunzira. Anagogoda tebulo: "Pano."

Kunyumba ndaimba nyimbo yachitatu kanayi. Yoyera. Ndikumva mawu a achemwali m'mutu, pamalo pomwe amaimba nthawi zonse, ndipo akukwana ndendende. Ankakhoza kuyambira kale.

Lachisanu, 16 Meyi

M'mawa ndalembera achemwali uthenga katatu, kufufuta katatu. Wachinayi ndatumiza: "Anali kapo." Awerenga. Zii.

Masana ndinanyamula gitala kupita komwe amasoka zovala. Ndinawapeza atawerama pamakina, mapini pakamwa, nsalu yobiriwira ikutsetserekera pansi. Sanadzutse mutu.

Ndinakhala pampando wa makasitomala n'kufotokoza zonse: sipuling'i, lula, labala, mdala wa mawotchi. Ndinalankhula bwino kwambiri. Anachotsa mapini mmodzimmodzi.

"Ndiye amaphonya ndani, achimwene?"

"Kapo."

"Kapoyo amadzipana yekha?"

Mnzawo yemwe amasita zovala pakona anaseka mpaka kuika simbi pansi.

"Ndine. Pepani, achemwali."

Makina anayambanso, kwetekwetekwete. Ndinaika kapo watsopano, kupotokola, kumvetsera, zzz yatha. Zala zinafuna kuwonjezera. Ndinazichotsa.

Ndinayamba nyimbo yachitatu motsitsa, makina akusokosera. Ndinazungulira poyambira pake kawiri, palibe. Kachitatu phazi lawo linasiya kupalasa makina. Analowa m'nyimbomo maso ali pansalu, mawu n'kukhala pansambo ngati chivindikiro pa poto wake. Wosita uja anaiwala simbi.

Itatha anadula ulusi ndi mano.

"Mawa musavale malaya amenewo. Bweretsani oyera aja, ndikonze kolala."