Za Uthenga Wothetsa Ukwati Uli M'foni Mwanu

Bambo a Chawezi,

Mukadzuka musathamangire foni, yambani mwawerenga kapepala aka. M'fonimo muli uthenga wochokera kuofesi kwathu wonena kuti mlandu wathu wothetsa ukwati ulowa m'khoti Lachiwiri. Kulibe mlandu, mtima ukhale m'malo.

Paja loya amene ndimamugwirira ntchito uja anandisenzetsa ntchito yosankha pulogalamu ya pakompyuta yosungira milandu ndi kukumbutsa makasitomala masiku a kukhoti. Dzulo ndikutesita ina, inafuna dzina la kasitomala wongoyerekeza. Mutu unali utaima, ndiye ndinangolemba dzina lanu ndi nambala yanu. Pa mboni ndinaika a Shadrick, ankhoswe anu, poti nambala yawo ndinailoweza. Sindinadziwe kuti imatumizadi mauthenga payokha.

Ndiye ankhoswe anuwo, nawonso ataulandira uthengawo, anyamuka mbandakucha ku Lawrence, kufupi ndi Indianapolis, akubwera kuno ku South Bend kudzatiyanjanitsa. Ndawaimbira kuti ndiwafotokozere, koma akuti za banja sakambira pafoni. Ine ndalowera komwe achokerako, ku Indianapolis, kukaonetsedwa pulogalamu inanso. Mwina tidutsana pamsewu.

Alandireni bwino. Nkhuku ili m'fuliji, mungotenthetsa. Chawezi asamve, angakalengeze ku Sande sukulu. Ankhoswewo akakufunsani ngati pali vuto, chonde musayambe zija za mbale zosatsuka.

Pepani, ndatheratu ine. Chondiwawa n'chakuti pa mapulogalamu onse amene ndalimbana nawo mwezi uno, ndi iyi yokha imene uthenga wake wafikadi kwa eni ake. Ndikuona ngati tisankha yomweyi.

Ndikadali mkazi wanu,
Joan