Mpando wa a Mbewe

Lachitatu, mwezi wa Juni. Nkhungu sinachoke pamapiri tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Lero abusa andikhazika pa udindo wa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yathu kuno ku Chezi, m'malo mwa a Mbewe amene anatisiya mwezi watha. Atapemphera anati, "Ahedi, khalani pampando wanu." Aphunzitsi onse anatembenukira kukhomo, osati kwa ine. Inenso ndinatembenuka. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, koma sipanalowe munthu.

Mpandowo ndinaupeza wofunda. Mayi Nabanda, wachiwiri wanga, akuti ndi dzuwa la pawindo. Dzuwa liti, lero?

Mawa ana adzandiitana dzina lomwelo. Sindikudziwa ngati ndidzayankhe msanga, kapena ndidzadikire kaye ndimve ngati eni ake…