Ndani Akumupatsa Mkaka Yamikani?

Amayi, kaya mukupeza bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Likangala tadzuka ndithu. Mvula yagwa bwino, chimanga cha kwathu ku Songani chafika m'mawondo, ndipo ng'ombe yanu ija inaberekanso. Ababa akumaikama okha m'mawa uliwonse, salola munthu wina kuyandikira.

Nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya Yamikani, mdzukulu wanu amene munamusiya akukwawa. Pano ali ndi zaka zitatu, ndipo pakamwa sipatsekeka. Atangosiya kuyamwa anayamba kutuluka zidzolo, kutsegula m'mimba, milomo kumatupa. Kuchipatala anati thupi lake siligwirizana ndi mkaka wa ng'ombe. Asalawe olo dontho: chambiko, yogati, batala, mkaka waufa, ngakhale mabisiketi ndi majarini ena. Ndikudziwa mukanapukusa mutu, inu amene munkati tiyi wopanda mkaka ndi wa pamaliro.

Tinasintha nyumba yonse. Timamwa mkaka wa soya, phala timathira nsinjiro. M'golosale ndimaima n'kumawerenga timalemba ta kuseri kwa paketi mpaka wogulitsa amayamba kundiyang'ana ngati ndikufuna kuba. Khungu la mwana linasalala, masaya n'kubwerera.

Koma Lolemba lililonse zidzolo zinkabweranso. Ndinawerenga masiku n'kuona kuti Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi timapita ku Songani. Mtima wanga unalunjika kwa alamu, a Nangondo, akazi a achimwene a Fosita. Iwo ndi amene ananenapo poyera kuti, "Matenda a m'tauni awa. Ana athu akumwa chambiko daile, taonani mmene anenepera."

Ndinayamba kuwalonda, Amayi. Akalowa kukhitchini, ine pambuyo. Ndinkavundukula mapoto awo, kununkhiza makapu pathandala. Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Alamu, tanenani zoona, mwanayu mumamupatsa chiyani?"

Anaika chipande pansi. "Ndiye mukuti ndikufuna kupha mwana wanu? Bwanji osangonena kuti ndine mfiti?"

Mwezi wathunthu tinkangopatsana moni wa pamsewu. Ngakhale bambo ake a Yamikani sindinawasiye, ndinkawapisa m'matumba kufuna masiwiti.

Pa Khirisimasi ku Songani ndinati palibe wondiphikira. Ndinanyamula zanga kuchokera ku Zomba: mpunga, nkhuku ya lokolo, kabichi wokazinga, futali, zitumbuwa, thobwa, ndi chigumu cha nthochi chimene ndinakandira mkaka wa soya ndi mafuta ophikira. Tinakweranso kuphiri chadzulo lake kukagula masitiroberi kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu aja. Anthu anadya mpaka kumasula malamba, palibe anafunsa za mkaka. Alamu anatenga chigumu kawiri osandiyang'ana.

Titatha kudya, Yamikani anali pamiyendo pa Ababa, anganga ake, kukhonde. Ndinati apa ndiye pabwino, maso anga akhale pa alamu. Ndikutsuka mbale, mwana anabwera akudzikanda m'khosi. Milomo inali itatupa, kupuma kukumveka ngati kakhweru. Sindinaonepo zotero, Amayi. Achimwene anathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto, ine mwana kumsana, nsapato ndinasiya pabwalo.

M'galimoto ndinamufunsa, "Yami, wadya chiyani?"

Anayankha movutikira, "Anganga andigawira tiyi woyera. Anati ndisanene."

Miyezi yonseyi ndinkalonda khitchini, pamene kapu inali kukhonde.

Kuchipatala anamubaya jakisoni, kupuma kunabwerera, koma anatigoneka. Kutacha, Ababa anafika atavala jekete la kutchalitchi, chipewa chili m'manja. Anaima pakhomo la wodi osalowa.

"Ababa, bwanji mwandichita zimenezi?"

"Amayi ako analera ana asanu ndi mkaka," anatero. "Ndimaganiza kuti adokotala akukuopseza chabe. Ndimangomupatsa masipuni awiri kuti thupi lizolowere. Dzulo ndinati poti ndi Khirisimasi, amwe kapu." Kenako anati, "Ng'ombe ija ndi ya agogo ake. Ndimafuna mwana alaweko kanthu ka iwo."

Ndinafuna kukalipa kuti wodi yonse imve. Koma ndinangowagwira dzanja n'kuwalowetsa kuti aone okha nkhope ya mdzukulu wawo. Anakhala pamphepete pa bedi mpaka nesi anawatulutsa.

Kwa alamu ndinapita ndekha, n'kugwada. Anandisiya pansipo kanthawi ndithu, kenako anati, "Dzukani, mukudetsa chitenje. Chigumu chija mudzandiphunzitse." Zinathera pompo, ngakhale ndikudziwa kuti mawu anga aja sanawaiwale.

Ababa analumbira kuti sadzayambiranso. Ndikufuna kuwakhulupirira, koma mtima sukulola. Ndimadzifunsa ngati aleka chifukwa amvetsa, kapena chifukwa anagwidwa. Yamikani ndamuphunzitsa kufunsa kuti, "Muli mkaka?" asanalandire chilichonse, ngakhale kwa ine. Ndamuuzanso kuti munthu wamkulu akati usanene, ndiye kuti athamange kudzanena. Zimandipweteka kuphunzitsa mwana kukayikira anganga ake, koma ndichita bwanji?

Lamulungu lapitali Ababa anamukhazikanso pamiyendo, kapu ili pambali. Ndinasiya nyemba pamoto n'kukaima pafupi, ngati ndikufuna tsache. Ababa anandiona. Sanakwiye. Ananyamula kapu ndi manja awiri n'kundipatsa.

"Nunkhiza, mwanawe. Uzinunkhiza sabata iliyonse, usamachite manyazi."

Ndinanunkhiza, Amayi, iwo akundiyang'ana. Munali masamba ndi shuga basi. Ndinawabwezera, ndipo ndinalowa m'nyumba msanga kuti asaone misozi.

Ndikulonjezani zinthu ziwiri. Sindidzaleka kupita naye mwanayu kwa Ababa, pakuti akamuona ndi pamene amaseka. Koma sindidzalekanso kulondera, ngakhale anthu anene kuti Esinati sakhulupirira bambo ake omubereka. Mvula ikadukiza tibwera kudzalambula pamene mwagonapo, ndipo Yamikani adzakuuzani yekha zimene amadya.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani,

Mwana wanu,
Esinati